Afrontar: liwu limene ndinaliphunzirira m'matope a ku Paiporta

Moni nonse, kaya mukumvera muli mu minibasi ya ku Limbe kaya muli pa shifiti ya usiku ku Joni. Ndikulankhula kuchokera ku Valencia, kuno ku Spain.

M'kalasi yathu yamadzulo ya Chisipanishi tonse ndife obwera: a ku Senegal, Morocco, Ukraine, ndi ine Mmalawi ndekha. Tsiku lina aphunzitsi analemba pa bolodi kuti afrontar, n'kudzigwira pachipumi, poti chipumi kuno amati frente. Ndiye kuti vuto ukuliyang'ana kumaso, osalifulatira. Tinakopera m'makope basi.

Kenako pa 29 Okutobala 2024 kunabwera chigumula chimene kuno amangoti DANA. Chimvula chinagwa kumtunda, ku Chiva ndi ku Utiel. Ku Paiporta, tauni ya kufupi ndi Valencia, anthu sankaona mvula yoopsa, koma madzulo madzi anatsika ndi khwawa la Poyo n'kudzaza misewu. Anthu oposa 200 anamwalira m'chigawochi. Pakati pa mzinda wa Valencia panapulumuka chifukwa mtsinje wa Turia anaupatutsa kale, chitachitika chigumula cha 1957.

Abale anga, ine mtima unathawira ku Chilobwe, ku zija za Namondwe Freddy mu 2023. Zithunzi za pa TV sindinkatha kuziyang'ana. Koma anzanga a m'kalasi anandigogodera m'mamawa, matsache ali m'manja.

Magalimoto sankadutsa, choncho tinayenda wapansi, kuwoloka mlatho wopita ku La Torre, dera la panjira ya ku Paiporta. Chinamtindi cha anthu, mafosholo paphewa, zigubu za madzi, ena atamanga majumbo kumiyendo chifukwa jombo zinatha m'masitolo. Tinalowa m'nyumba ya agogo ena aakazi. Mzere wa madzi pakhoma unandipitirira mutu, firiji itagona chagada pakhomo la kukhitchini. Matope aja sakokoleka ndi munthu mmodzi: mumaima mzere, matsache pamodzi, wina n'kuwerenga, kenako nonse kukankhira kunja. Agogowo ankatola zithunzi za banja lawo chimodzichimodzi, akupukuta ndi malaya. Atandiona ndaima misozi ili lengelenge, anandigwira dzanja nati, "Hay que afrontarlo, hijo." Ndinamva zonse popanda wondimasulira: vutoli tiyenera kuliyang'ana kumaso, mwana wanga.

Chimene chimandikhudzabe ndi ichi. Ena mwa amene tinkakankha nawo matope analibe mapepala. Masiku onse akaona apolisi amakhotera njira ina. Sabata imeneyo anagwira ntchito pafupi ndi asilikali, ndipo kumene ine ndinali palibe anafunsa mnzake NIE, nambala ya chiphaso cha anthu obwera. Amene ankatipatsa buledi ndi khofi ankangofunsa ngati tadya.

Inu amene mwangofika kuno, musadzitsekere m'chipinda chifukwa choopa chinenero. A Cruz Roja, omwe ndi a Red Cross a kuno, amaphunzitsa Chisipanishi kwaulere, kafunseni m'dera lanu. Sabata yamawa tikambirana za padrón, kulembetsa kwa ku khonsolo kuja, chifukwa mwandifunsa ambiri ndipo zaka zanu kuno amaziwerengera pamenepo. Tsalani bwino.