Mawu a M'mawa: Nthaka ya ku Aqaba Sinagonepo

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Lero tiwerenge Salimo 46:1-3, pamene wamasalimo akunena kuti sadzaopa ngakhale dziko litasandulika, mapiri n'kugwera m'kati mwa nyanja. Ambiri timawayesa mawu okometsera nyimbo chabe. Koma dziko limene iye ankakhalamo limachitadi zimenezi.

Kumpoto kwake, Nyanja Yofiira inagawikana nthambi ziwiri, ndipo pakati pake pali dziko la Sinai. Nthambi ya kumadzulo, ya Suez, ndi yosazama, mamita osapitirira 100. Ya kum'mawa, ya Aqaba, ndi yopapatiza, makilomita 24 pamene yatambasuka kwambiri, koma kuya kwake kumafika mamita 1,850. Nyanja yathu ya Malawi, imene inabadwanso mwa kung'ambika kwa nthaka, imathera cha m'ma 700.

Chinakumba dzenje lotere n'chiyani? Pansi pa madziwo padutsa mng'alu wautali umene umalowera kumpoto, kudzera ku Nyanja Yakufa ndi chigwa cha Yordano. Thanthwe lalikulu la pansi pa nthaka limene lanyamula Arabia likutsetserekera kumpoto pokhulana ndi la Sinai, ngati zikhatho ziwiri popekesa moto, koma mwapang'onopang'ono: mamilimita 5 okha pachaka, kapena kuti mita imodzi pa zaka 200. Mng'aluwo si mzere umodzi wowongoka. Uli m'zidutswa, ndipo pamene chidutswa china chathera, chinzake chimayambira chapambali. Nthaka ya pakati pa ziwirizo imakokedwa uku ndi uku mpaka kutitimira. Maenje akuya a Aqaba anapangika motero, Nyanja Yakufanso chimodzimodzi.

Umboni wake ndi wogwirika. Miyala ya mkuwa ya ku Timna ku Israel ndi ya ku Faynan ku Jordan, kutsidya lina la mng'aluwo, inali pamalo amodzi. Lero yatalikirana makilomita pafupifupi 105. Mukagawa mtundawu ndi mamilimita 5 aja, mupeza zaka pafupifupi 20 miliyoni. Pamenepo n'kuti miyala yofiirira ya granite ya kumwera kwa Sinai, kuli phiri la Catherine lotalika mamita 2,629, itakhalapo kale zaka pafupifupi 600 miliyoni.

Choopsa si kuyenda kwa thanthwe, koma kuima kwake. Mbali ziwirizo zikagwirana, pamwamba pamakhala bata pomwe pansi mphamvu ikuunjikana, ndipo tsiku lomasuka, ulendo wa zaka mazana umayendedwa m'masekondi ochepa. Zinatero pa 22 November 1995, chivomerezi cha mphamvu yopitirira 7 pa sikelo yoyezera zivomerezi chitagwedeza gombe la Nuweiba, tauni ya ku Sinai m'mbali mwa nthambi ya Aqaba. Tauniyi inamangidwa pa mchenga ndi miyala zimene madzi osefukira amatsitsa kumapiri. Nthaka yotere ikakhala yonyowa n'kugwedezeka imafewa ngati matope, maziko n'kumira. A ku Karonga amene anaona zivomerezi za December 2009 sangafunse kuti kugwedezekako kumamveka bwanji.

Tsono taonani, wamasalimo sakulonjeza kuti nthaka idzakhala chete. Akuvomereza kuti idzasuntha, n'kutchula pothawira pena, Mulungu mwini. Kunena zoona, chikhulupiriro chimene chimadikira kuti zonse zikhale phee chimatha msanga, chifukwa bata lenilenilo nthawi zina ndiye chizindikiro choti pansi pamangika.

Popemphera m'mawa uno, tikumbukire mabanja okhala m'mbali mwa ming'alu yotereyi, ku Nuweiba, ku Aqaba, ku Eilat ndi kwathu ku Karonga, pamodzi ndi amisiri amene akukumba maziko a nyumba kumeneko.