Za mankhwala a achimwene aja

Amayi, mwaswera bwanji? Ndangoweruka kumene, ndiye ndati ndikuyankheni ndisanagone. Mwati ndiwagulire achimwene mankhwala atsopano kuno ku Leeds, ku England, poti haloperidol akumwayo ndi wakale. Zandikhudza, makamaka pomwe mwanena kuti manja akunjenjemera mpaka tiyi kutayikira pamalaya. Koma tandimverani kaye.

Ku America anachita kafukufuku wamkulu wotchedwa CATIE, zotsatira zake zinatuluka mu 2005. Anatenga anthu pafupifupi 1,500 odwala schizophrenia, matenda a maganizo omwe achimwene akudwalawa, n'kuwagawa mwamaere, kuti adokotala asamasankhe okha woti apatsidwe chakuti. Ena analandira olanzapine, ena risperidone, ena quetiapine, ena ziprasidone, pomwe ena anapatsidwa perphenazine, wakalekale ngati wa achimweneyu. Makapisozi ake anali ofanana maonekedwe, wodwala ngakhale dokotala osadziwa zili mkatimo.

Ndiye chomwe ankawerengera n'chakuti, kodi munthu apita nawo patali bwanji mankhwalawo asanawasiye? Pajatu munthu amasiya akaona kuti sakumuthandiza, kapena akumuzunza m'thupi. Amayi, pa anthu 100 alionse, 74 anasiya miyezi 18 isanakwane. A olanzapine anachitako bwino, osiya anali 64 pa 100, koma ananenepa kwambiri, shuga ndi mafuta m'magazi n'kukwera. Inu mukudziwa mmene shuga watisautsira pabanja pathu, ndiye ine zimenezo zimandiopsa. Perphenazine wakale uja sanasiyane kwenikweni ndi atsopano atatu enawo.

Komanso manambalawa amanena za gulu, sanena za mwana wanu. Achimwene mawu a anthu osaoneka aja anasiya kuwamva, usiku akugona, kumunda ayambanso kupita. Mankhwala akumwawo akugwira ntchito, vuto ndi kunjenjemerako basi, ndipo kuli ndi chochita chake.

Lolemba mupite nawo kuchipatala. Mukawauze adokotala zonse osabisa: manja, kuuma kwa khosi, malovu aja, ndi nthawi yomwe zinayamba. Akhoza kuchepetsa mlingo, kuwonjezera piritsi loletsa kunjenjemera, kapena kusintha mankhwala akaona kuti n'koyenera. Koma chonde, chonde, asasiye kumwa paokha, matenda angabwerere.

Ya minibasi ndatumiza kale. Mukabwerako mundijambulire buku lawo la kuchipatala, tsamba lomwe alembepolo, ndidzaone. Muwapatse moni achimwene, muwauze kuti ndiwaimbira Loweruka.