Mawu a M'mawa: Ndingasauke n'Kuba

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Lero tiyeni titsegule Miyambo 30:8-9, pemphero la Aguri. Iye akupempha Mulungu kuti asam'patse umphawi kapena chuma, koma chakudya chomukwanira basi, kuopa kuti akakhuta angamukane Yehova, akasauka angabe n'kuchititsa manyazi dzina la Mulungu wake.

Zoti chuma chimaiwalitsa Mulungu timavomera msanga. Koma ndi angati mwa ife angagwade n'kunena kuti, "Atate, njala ikandipana ndikhoza kuba"? Timadziona ngati anthu oti sitingafike pamenepo. Aguri ankaudziwa mtima wake, ndipo sanaubise pamaso pa Mulungu.

Mu 1948 ku Italy, Vittorio De Sica anajambula filimu yotchedwa Ladri di biciclette, kutanthauza Akuba Njinga, yomwe mpaka lero imaliritsa anthu akuluakulu. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inali itangotha mu 1945, ndipo mumzinda wa Rome ulova unali paliponse. De Sica anakajambulira m'misewu yeniyeni, ndipo udindo waukulu anaupereka kwa Lamberto Maggiorani, munthu wogwira ntchito m'fakitale amene sanali katswiri wa zisudzo. N'chifukwa chake nkhope yake simungaikayikire. Ndi nkhope ya bambo amene amadziwa kudikira malipiro.

Bambo wa m'filimuyo, Antonio Ricci, apeza ntchito yomata mapepala otsatsa malonda m'makoma, koma ntchitoyo ikufuna njinga, ndipo njinga yake ili papinyolo. Mkazi wake Maria achotsa nsalu zoyala pabedi n'kukazipereka kuti aombole njingayo. Apa pali chithunzi chimene chimandilasa mtima kwambiri: wantchito wa pamalopo akukwera mashelefu aatali kukaika mtolo wa Maria, ndipo mukuona mitolo ya nsalu za mabanja ena itadzaza mpaka kudenga. Mtolo uliwonse ndi nyumba imene ikugona pamatiresi osayala. Pa Eksodo 22:26-27 Mulungu analamula kuti chofunda cha mnzako ukachitenga chikole uchibweze dzuwa lisanalowe, pakuti agona m'chiyani? Ndiye kuti Mulungu amawerenga ngakhale zofunda za osauka.

Tsiku loyamba lenileni la ntchito, njinga ija ibedwa. Antonio ndi mwana wake Bruno ayisaka m'misika ya Piazza Vittorio ndi Porta Portese, mvula ikuwanyowetsa. Apolisi alemba dandaulo n'kumusiya kuti adzisakire yekha. Mtima utamuwawa, amenya mbama mwana wosalakwa. Wakubayo am'peza, koma umboni palibe, ndipo anthu a m'dera lake am'tchinjiriza.

Kenako pafupi ndi bwalo la mpira, Antonio aona njinga itatsamira pakhoma yokha. Ayenda uku ndi uku, akhala pansi, adzukanso. Apatsa Bruno ndalama kuti akwere tramu, kasitima ka mumzinda, azipita, chifukwa sakufuna kuti mwana aone. Tramu imusiya mwanayo. Antonio aba njinga ija, ndipo Bruno aona bambo ake akuthamangitsidwa ndi gulu la anthu, akugwidwa, akumenyedwa makofi.

Abale, munthu amene dzulo lake ankakuwa kuti "Wakuba!" ndi yemwe lero akukuwizidwa. Sanali munthu woipa kuposa inu ndi ine. Kuba ndi tchimo ndithu, filimuyi siikukometsera, koma pemphero la Aguri likutiuza kuti tchimo lina limalowera pakhomo la njala. Tikamva mfuwu wa "Wakuba!" pamsika kwathu kuno, miyala imatoledwa msanga, ndipo palibe amene amafunsa ngati pagulupo pali mwana amene akuonerera bambo ake.

Mwini njinga uja anali ndi ufulu wonse wokam'tsekeretsa Antonio. Atayang'ana Bruno akulira, anati amusiye azipita. Sanamulalikire, sanamupatse ntchito, njinga ya Antonio yobedwa ija sinapezeke. Chifundo chake chinali chochepa chomwecho, koma ndicho chinachititsa kuti bambo akagone kwawo usiku umenewo, dzanja lake lili m'dzanja la mwana wake. Ine ndimakhulupirira kuti Mulungu amagwiritsa ntchito chifundo chaching'ono chotere nthawi zambiri kuposa mmene timaganizira.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, tipatseni lero chakudya chathu chalero, kuti manja athu asatambasukire cha mwini. Kumbukirani bambo amene wadzuka wopanda ntchito, mayi amene wapereka katundu wa m'nyumba papinyolo, ndi aliyense amene waberedwa chida chimene amadyera. Gwirani dzanja la amene m'mawa uno akulingalira zoba chifukwa ana agona ndi njala, ndipo mum'tsegulire njira ina. Wina akatilakwira ife tili ndi mphamvu pa iye, tipatseni maso oona ana ake. M'dzina la Yesu Khristu, ameni.