Kupalasa njinga pa triathlon: zomwe tinakambirana ndi akabaza ndi achinyamata a kunyanja

Zikomo a mfumu potipatsa bwaloli, zikomo amayi ndi abambo, komanso inu achimwene amene mwasiya siteji kubwera kudzakhala pansi pano, ndikudziwa kuti makasitomala akukudutsani ndiye ndiyesetsa kusazungulira. Akumbuyoko mukundimva eti? Chabwino.

Triathlon ndi masewera oti munthu m'modzi amasambira, akatuluka m'madzi n'kukwera njinga, akatsika njinga n'kuyamba kuthamanga, zonsezi motsatizana wotchi osaima olo pamene ukuvala nsapato. Anayambira ku San Diego ku America mu 1974, ndipo ku Olympics analowa mu 2000 ku Sydney. Mtunda wa ku Olympics ndi makilomita 1.5 m'madzi, 40 pa njinga, 10 wapansi. Palinso waufupi womwe amautcha sprint, ndi theka la umenewo, mamita 750, makilomita 20, kenako 5, ndipo ife tiyambira pamenepo. Ironman ija mumamva, yomwe inayamba ku Hawaii mu 1978, ndi makilomita 3.8, kenako 180, kenako 42, imeneyo tiyeni tiyiike kaye pambali, sikuti ithawa ayi.

Mukaona manambalawo muona kuti njinga ndi imene imadya nthawi yambiri, pafupifupi theka la mpikisano wonse umakhala uli pa chishalo. Ndiye ndikuona akabaza mukumwetulira kuti basi apa ndiye kwathu, ife timanyamula munthu ndi thumba lake la chimanga kuchoka pa Salima mpaka ku Senga Bay, makilomita 20 opanda katundu n'chiyani. Mphamvu muli nazo, zimenezo sindikutsutsa, anyamata ambiri a m'tauni okhala ndi njinga zodula sangakupezeni. Koma vuto lanu ndi lomwelo, mumapalasa ngati ntchito ithera pomwe mwatsika, pomwe apa ukatsika njinga ndi pamene pali makilomita 5 kapena 10 akukudikira. Njinga ya pa triathlon umapalasa ukuganizira miyendo yoti ukathamangire. Ndikangonena zimenezi basi n'kukhala pansi ndiye kuti ndamaliza theka la phunziro.

Tiyambe ndi kapalasidwe. Inu munazolowera kukankha pedulo mwamphamvu pang'onopang'ono, thupi lonse likupendekera uku ndi uku, chifukwa kumbuyo kuli katundu. Kupalasa kotero kumamaliza nyama za m'ntchafu msanga. Chomwe tikufuna ndi giya yopepuka miyendo izizungulira mwachangu, kuzungulira ka 80 mpaka 90 pa mphindi imodzi. Kuwerenga kwake n'kosavuta, mnzako agwire foni akuwerengere masekondi 15, iwe uziwerenga bondo lakumanja likamakwera, likakwera ka 20 kapena 22 uli bwino, likakwera ka 14 giya yalemera imeneyo, tsitsa. Masiku oyamba uziona ngati ukuseweretsa miyendo, mtima uzigunda kwambiri, anzako pa siteji azikuseka kuti aise wapenga, koma pakapita masabata angapo thupi limazolowera. Ndipo giya umasintha usanafike pa chitunda, osati uli pakati tcheni chikulira kale, apo ndi pomwe matcheni amadukira.

Nanga amene njinga yake ilibe magiya? Alowe basi. Njinga za Buffalo zija anazipangira katundu, kaliyala wake amanyamula mpaka makilogalamu 100, ndiye ndi zolemera, koma pa mpikisano woyamba palibe vuto, ingomasulani kaliyala, sitandi, madigadi, khushoni la kasitomala lija ndi timagalasi tonse tokongoletsa tija. Amene muli ndi mountain bike za kaunjika, chinthu chimodzi chomwe chingakusinthireni liwiro pa ndalama yochepa ndi matayala, chotsani a mano akuluakulu aja muike osalala, pa tala muona kusiyana tsiku lomwelo.

Achimwene a malaya ofiira, tabweretsani njinga yanuyo pakati pano. Eya. Wina agwire mahandulo. Takwerani. Mwaona bondo lawo? Pedulo ili pansi penipeni koma bondo likadali lopindika kwambiri, chishalo chatsika ichi, ndipo ndikudziwa chifukwa chake, mumafuna phazi lizifika pansi kasitomala akamakwera. Pa ntchito n'zomveka. Pa mpikisano chishalo chotere chimakuberani mphamvu komanso chimapweteketsa bondo kutsogoloku. Ndiye taikani chidendene pa pedulo, chidendene osati zala. Tikweza chishalo mpaka mwendo uwongoke bwinobwino chidendene chili pamenepo. Tapatseni sipanala. Kwezani, kwezaninso pang'ono, basi pamenepo. Tsopano bwezani phazi, mupondere ndi kutsogolo kwa phazi, paja pamayambira zala, mwaona bondo langopindika pang'ono chabe? Ndi mmene zimafunikira. Mukamapalasa m'chiuno mukugwedezeka uku ndi uku ndiye kuti mwakwezetsa, tsitsani pang'ono. Ndipo chitsulo cha chishalochi chili ndi kamzere kosonyeza polekezera, musachitulutse kupyola pamenepo, chimathyoka. Mukapeza malo ake mangani ka tepi, Lolemba mutsitse mukagwire ntchito, tsiku la ma training mubwezere pa tepi.

Chinthu china chomwe anthu sachiganizira ndi mphepo. Pa msewu wosalala ukamathamanga, mdani wamkulu si kulemera kwa njinga, ndi mphepo yomwe ukuiboola ndi chifuwa chako. Ndiye ukakhala chilili pa chishalo, shati yaikulu ikuuluka kumbuyo, ukulimbana ndi mphepo pachabe. Pinda zigongono, tsitsa mutu ndi mapewa koma maso kutsogolo, vala chothina. Inu a kuno mwera mumaudziwa kuposa ine, miyezi yozizira ija ukamawomba kuchokera kummwera, ndiye tsiku lotero osalimbana nawo ndi giya yolemera, tsitsa giya, dzichepetse, udzabweza liwiro potembenuka mphepo ikamakukankha kumsana. Tizitsulo tija mumaona pa TV anthu atagonekapo mikono kutsogolo ndi ta ntchito yomweyo, koma pamenepo palibe mabuleki, ndiye munthu amene sanazolowere, msewu wake wa mbuzi ndi ma minibasi ngati wathuwu, asathamangire kugula.

Mabuleki. Ambiri a inu buleki yakutsogolo munaimasula kalekale, ena mumaimitsa ndi phazi pa tayala, ndakuonani. Pa mpikisano amayendera njinga isanalowe ndipo yopanda mabuleki onse awiri siloledwa. Buleki yakutsogolo ndi imene imaimitsa kwambiri, koma uziigwira pang'onopang'ono pamodzi ndi yakumbuyo, thako ulibweze kumbuyo kwa chishalo. Pa kona umachepetsa liwiro usanalowe, osati uli m'kati, pedulo yakunja ikhale pansi uyipondere, maso ayang'ane komwe ukufuna kutulukira osati pa dzenje lomwe ukuliopa chifukwa njinga imapita komwe maso ali. Ndipo kuno mchenga umalowa mpaka m'mphepete mwa tala, ukagwira buleki yakutsogolo uli pa mchenga utapendekera, wagwa basi, palibe zokambirana.

Tsopano malamulo, apa mvetserani chifukwa munthu amatha kupalasa bwino n'kuchotsedwa pa zinthu zazing'ono. Pali malo osinthira pomwe njinga zonse zimakolekedwa. Ukatuluka m'madzi n'kufika pa njinga yako, usanaigwire n'komwe, helemeti ikhale kumutu ndipo lamba wake wamangidwa. Pobwera chimodzimodzi, sumasula lamba mpaka njinga waikoleka. M'malo osinthiramo sukwera, umathamanga ukuikankha mpaka pa mzere wokwerera, pobwera umatsika usanadutse mzere. Kupalasa chifuwa chili pamtunda saloleza, ma earphone saloleza, ndipo mabowo a kumapeto kwa mahandulo akhale otseka chifukwa chitsulo chimenecho chimaboola mimba ukagwa. Nanga tayala likaphwa? Umakonza wekha. Mlamu wako sangatuluke m'gulu la oonerera ndi pampu kudzakuthandiza, ndiye chubu chapadera, tizitsulo totsegulira tayala ndi pampu yaing'ono zikhale pa njinga, komatu apa akabaza ndinu aphunzitsi, ine ndilibe choti ndikuuzeni.

Lamulo lomwe limavuta kwambiri ndi la kubisala kumbuyo kwa mnzako, amati drafting. Ukamata tayala lako kumbuyo kwa wina iye ndi amene amaboola mphepo, iwe umapulumutsa mphamvu zambiri ndithu. Akatswiri a ku Olympics amaloledwa, n'chifukwa chake mumawaona ali chigulu. Koma mipikisano yambiri ya anthu wamba ngati ife siloleza, umasiya mpata wa mamita 10 kapena 12 kutengera malamulo a mpikisanowo, ukafuna kupitirira umapitirira msanga m'masekondi owerengeka, ndipo amene wapitiriridwa ndi amene amabwerera m'mbuyo kusiya mpata. Ndikudziwa kuti zimawawa kupitiriridwa ndi kamnyamata koti umakatuma, koma ukakakamira pa tayala lake akupatsa chilango cha nthawi.

Za zovala sindikuuzani kuti mukagule zodula. Helemeti yokha ndi imene sindinyengerera. Ya kaunjika ilipo yabwino koma itembenuzeni muyang'ane m'kati, chofewa choyera kapena chakuda chija chikakhala ndi mng'alu isiyeni olo akutsitsireni mtengo, helemeti imagwira ntchito kamodzi, ikamenyetsedwa yatha. Ivalidwe mowongoka kuphimba chipumi, osati kuikankhira kunkhongo ngati kapusi. Kabudula wothina wa khushoni pakati uja amapezekanso pa kaunjika, ndipo amavalidwa opanda china m'kati, musaseke amayi, ndi zoona, msoko wa chovala cham'kati ndi umene umasupula khungu. Tcheni musathire oyilo wakuda wotsala ku galimoto, amakoka mchenga n'kumadya mano a giya, pukutani ndi kansalu, thirani oyilo wopepuka pang'ono, pukutaninso.

Pa njinga ndi pomwe umamwa, chifukwa m'madzi sungamwe ndipo pothamanga zimavuta. Phunzirani kutulutsa botolo ndi dzanja limodzi maso ali pa msewu, kumwa pang'onopang'ono pafupipafupi, kukatentha muikemo ka shuga ndi kamchere. Nthochi imodzi m'thumba ndi yokwanira pa sprint. Nsima ya mitanda inayi m'mawa wa mpikisano ayi, idyani usiku wake, m'mawa phala kapena mbatata maola awiri kapena atatu musanayambe.

Ndiye pali training imodzi yomwe sindifuna muidumphe, kamodzi pa sabata. Palasa mphindi 40, ukangotsika osakhala pansi, vala nsapato thamanga mphindi 10 kapena 15. Koyamba miyendo imakhala ngati wabwereka kwa munthu wina, umaponda osamva pomwe waponda, ndipo pamenepo ndi pomwe udzamvetse chifukwa chomwe ndimalimbikira za giya yopepuka. Kilomita yomaliza ya njinga uzipeputsanso giya miyendo imasuke.

Amayi mwafunsa ngati ndi za anyamata okha. Ayi ndithu, ku Olympics akazi amachita mtunda womwewo wa amuna, ndipo kuyambira masewera a ku Tokyo kuli mpikisano wa timu yosakaniza, akazi awiri amuna awiri. Atsikana abwere, chitenje chokha achisiye pa mzere chifukwa chimakodwa mu tcheni.

Za komwe munthu angakafike, simukuyenera kuyang'ana ku Ulaya. Ku Zimbabwe, ku Troutbeck m'mapiri a Nyanga, kumachitika mpikisano wa Africa Triathlon Cup, anthu amachokera maiko osiyanasiyana. Ku South Africa kuli Ironman ya ku Gqeberha, kuja tinkati Port Elizabeth, ndipo Henri Schoeman wa ku South Africa komweko anatenga mendulo ya bronze ku Rio mu 2016 kenako golide ku Commonwealth Games mu 2018. Amene mtima wanu uli pa njinga yokha, Cape Town Cycle Tour ndi makilomita 109 mwezi wa Malichi, Biniam Girmay wa ku Eritrea anatenga jezi yobiriwira, ya wopeza mapointi ambiri, ku Tour de France mu 2024, ndipo mu 2025 mpikisano wa njinga wa dziko lonse lapansi unachitikira ku Kigali, koyamba mu Africa muno. Othamanga muli ndi Porters Race ku Mulanje yoti mukayese miyendo.

Koma ife tiyambe ndi wathu wa pano, ndipo ndikupempha tiyambe ndi wa matimu a anthu atatu, zimaloledwa zimenezo, mwana wa msodzi asambire, wakabaza apalase, wa mpira uja athamange. Amene madzi amawaopa pali duathlon, kuthamanga, njinga, kuthamanganso. Kusambira tizichita m'mawa nyanja isanayambe kuvuta, motsatira gombe osati kulowera pakati, mabwato awiri akuperekeza, ndipo malo ake atisankhire ndi asodzi chifukwa ndi amene amadziwa komwe kuli ng'ona ndi mvuu. M'mabango muja musasambiremo, likodzo limakonda momwemo, ndipo amene akuona magazi pokodza apite ku chipatala asanayambe ma training. Msewu tikapempha apolisi atithandize, koma olo atatero kumanzere ndi kumanzere, minibasi sidziwa kuti muli pa mpikisano.

A mfumu akuti Loweruka bwaloli lilipo. Bwerani ndi njinga 6 koloko m'mawa, amene ali ndi sipanala ndi tepi abwere nazo, tiyeza zishalo kaye kenako tijambula mzere pansi tiyeserere kukwera ndi kutsika. Achimwene a malaya ofiira inu buleki yakutsogoloyo ikhale itabwerera. Funso lina lilipo kumbuyoko? Eya mayi, yankhulani.