Kuwalitsa kolido wamdima popanda kuwononga ndalama zambiri

Takulandirani nonse amene mukutionera mumzinda wa Blantyre muno ndi madera ena. Lero tikamba za kolido, malo amene m'nyumba zambiri za ku Chitawira, Nkolokosa, Kanjedza ngakhalenso m'nyumba zatsopano za ku Machinjiri amakhala amdima dzuwa lili paliwombo. Chifukwa chake nonse mukuchidziwa: kolido amakhala pakati pa nyumba, zipinda zili mbali zonse ziwiri, ndipo alibe windo lakelake. Muonere mpaka mfundo yachitatu, chifukwa pamenepo ndikufuna kutsutsa langizo limene ladyera anthu ambiri ndalama.

Choyamba, tulutsani katundu yense amene wakhazikika m'kolidomo, monga nsapato, ndowa, njinga ndi matumba a chimanga, pakuti zinthu zimenezi zimatchinga kuwala kochepa kumene kumalowa.

Chachiwiri, tsukani makoma ndi siling'i ndi madzi a sopo. Mwaye wa makandulo amene timayatsa magetsi akathima umamatirira pang'onopang'ono moti eni nyumba sazindikira, ndipo nthawi zina khoma limayera ndi kutsuka kokha.

Chachitatu ndi penti, ndipo apa ndichedwapo. Mukafunsa anthu ambiri, ngakhale ena mwa amisiri opaka penti, adzakuuzani kuti malo amdima amafuna penti wa mafuta woyera, uja wonyezimira, chifukwa akuti kunyezimirako kumawonjezera kuwala. Langizo limeneli limandiwawa kwambiri, chifukwa penti wa mafuta ndi wokwera mtengo kuposa wa madzi, komanso m'kolido ndi momwe amalephera kwambiri ntchito yake.

Penti wa mafuta woyera amasanduka wachikasu akamakhalitsa, ndipo chodabwitsa n'chakuti amasanduka msanga pamene sipafika kuwala kwa dzuwa. Kuwala kwa masana kumachepetsa chikasu chimenechi, pamene mdima umachikulitsa. Ngati simukukhulupirira, imitsani kaye vidiyoyi, mupite pakhoma lopakidwa penti wa mafuta pamene pakhala kalendala kapena chithunzi kwa nthawi yaitali, muchichotse, ndipo muona kuti pamene chinaphimba ndi pachikasu kuposa pozungulira. Yang'ananinso mkati mwa kabati ya kukhitchini. Kolido wopanda windo ali ngati mkati mwa kabatiyo, choncho penti amene mwamugula kuti awalitse malowo ndi yemweyo amene adzawachititse kuoneka akale.

Kunyezimira nakonso sikupanga kuwala. Khoma lonyezimira limabweza kuwala kwa babu mbali imodzi, ndiye pafupi ndi babupo pamathobwa m'maso pamene kumapeto kwa kolido kudakali mdima. Komanso poti kolido ndi wopapatiza, khoma timaliyang'ana cham'mbali, ndipo penti wonyezimira amaonetsa poyera paliponse pamene pulasitala anatumphuka kapena kulowa. Penti wosanyezimira amamwaza kuwala mbali zonse mofanana ndipo amabisa zilema zimenezi.

Palinso nkhani ya chinyezi. Kuno ku Blantyre makoma amamwa madzi nthawi ya dzinja, kenako mu June ndi July chiperoni chimabwera ndi nkhungu yake. Penti wa mafuta amatsekera chinyezicho mkati, ndipo mapeto ake amatupa n'kuyamba kusupuka m'munsi mwa khoma. Amene makoma anu akusupuka kale, muyambe mwaonera vidiyo yathu yokhudza chinyezi cha m'makoma, chifukwa kupaka penti pakhoma lonyowa n'kutaya ndalama.

Ndikudziwa kuti amayi ena akufunsa kale za manja a ana, amene amadetsa khoma akamathamanga m'kolido, ndipo funso limeneli ndi lomveka. Masiku ano m'mashopu a hadiweya ku Limbe ndi m'tauni muli penti wa madzi wochapika, amene mungapukute ndi kansalu konyowa popanda kuchoka. Wa makoma sankhani wotuwirako pang'ono ngati kirimu, ndipo siling'i ikhale yoyera mbee. Chizolowezi chopaka theka la m'munsi la khoma penti wobiriwira kapena wofiirira chisiyeni m'kolido, chifukwa theka limenelo limameza kuwala kochuluka. Penti wa mafuta mumusiyire mafelemu ndi zitseko.

Musagule chigubu cha malita 20. Lita imodzi ya penti wa madzi imakwana pafupifupi masikweya mita 8 mpaka 10 popaka kamodzi, choncho kolido wa mamita 5 m'litali, mukachotsera malo a zitseko, chitini cha malita 5 chimatha kukwana kupaka makoma kawiri. Ngati khomalo lili kale ndi penti wa mafuta, likhuleni ndi sandipepa wonyowa n'kupaka andakoti, penti woyamba wa pansi uja, apo ayi penti watsopanoyo sagwira. Ndikunena sandipepa wonyowa chifukwa penti wakale wa mafuta akhoza kukhala ndi mtovu, ndipo fumbi lake ndi loopsa kwa ana aang'ono ndi amayi oyembekezera.

Ngati mfundo imeneyi yakuthandizani, dinani batani la subscribe, ndipo mutumizire vidiyoyi achibale pa WhatsApp, makamaka amene akumanga.

Chachinayi ndi mababu. Pogula, musayang'ane mawati okha, koma nambala ya ma lumen imene imalembedwa pakatoni, chifukwa ndiyo imanena kuchuluka kwa kuwala. Babu la LED la mawati 9 limatulutsa ma lumen pafupifupi 800, mofanana ndi babu lakale lija la mawati 60. Mukaliyatsa maola 5 tsiku lililonse, pamwezi limadya yuniti imodzi ndi theka osakwana, pamene lakale lija limadya mayunitsi 9. Mababu awiri apakatikati, lina chakumayambiriro lina chakumapeto, amawalitsa bwino kuposa limodzi lamphamvu pakati, koma ntchito yowonjezera holoda yachiwiri muitanire katswiri wa zamagetsi. Pakatoni pomwepo pamalembedwanso 3000K, 4000K kapena 6500K, manambala onena mtundu wa kuwala kwa babulo. La 6500K limapita ku buluu ndipo limachititsa khoma loyera kuoneka lozizira, choncho m'kolido ine ndimasankha la 4000K. Limodzi mwa mababuwo likhale lotchaja, lija limapitiriza kuyaka magetsi a ESCOM akathima, kuti ana ndi agogo asapunthwe usiku. Musaiwale kuona ngati holoda yanu ndi ya pini kapena yopotokola musanapite kukagula.

Chachisanu, bwerekani kuwala kuchokera m'zipinda. Kusiya zitseko zotsegula masana sikulira ndalama. Nyumba zambiri zakale zili ndi galasi pamwamba pa chitseko, koma mupeza kuti linapakidwa penti kapena kutsekedwa ndi katoni. Lipaleni ndi lezala kuti kuwala kudutse. Ngati nyumba ilibe siling'i, lata limodzi loonekera pamwamba pa kolido limasintha zinthu kuposa china chilichonse chimene tatchulachi, bola mmisiri akhome bwino kuti lisadonthe. Amene muli pa lendi, muyambe mwagwirizana ndi alandilodi musanakhudze denga kapena khoma.

Chachisanu ndi chimodzi, kalilole apachikidwe moyang'anizana ndi chitseko chimene chimalowetsa kuwala, chifukwa akayang'ana khoma lamdima amangobweza mdima womwewo. Pansi pa simenti yofiira kapena yakuda yalani mkeka woyererako kutalika kwa kolido yense, ndipo muonetsetse kuti sukuterereka pa polishi.

Tiuzeni m'munsimu dera limene mukukhala komanso ngati kolido wanu ali ndi siling'i kapena ayi, chifukwa vidiyo yotsatira ikhala ya kakhomedwe ka lata loonekera mvula isanayambe.