Kavalo Amene Akuyamba Kumene Mpikisano wa Mtunda Wautali

Omvera athu, lero tikambirane za kavalo amene sanapikisanepo pa mtunda wautali, koma mwiniwake akulakalaka kuti tsiku lina adzafike naye ku Fauresmith m'dziko la South Africa, kumene akavalo amayenda makilomita pafupifupi 200 m'masiku atatu, kapena ku Tevis Cup ya ku California, yomwe inayamba mu 1955 ndipo ndi ya makilomita 160 m'maola 24.

Yambani mwaona msinkhu wake. Bungwe la AERC, lomwe limayang'anira mipikisano yotereyi ku America, sililola kavalo wosakwana zaka zisanu kupikisana pa makilomita 80, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Mtima ndi mapapo zimazolowera ntchito m'miyezi yochepa, pamene mafupa ndi mitsempha ya m'miyendo zimafuna chaka kapena kuposerapo kuti zikhwime. Eni ake ambiri amanyengeka pomwepa, chifukwa akaona kuti kavalo sakupuma mwawefuwefu amawonjezera liwiro, mapeto ake kavaloyo amayamba kutsimphina. Choncho muziyenda naye katatu pa mlungu, nthawi yambiri akungoyenda kapena kuthamanga pang'ono, ndipo mukawonjezera mtunda musawonjezerenso liwiro mlungu womwewo. Mukabwerako, gwirani miyendo yake kuti mumve ngati pena patentha kapena patupa, muonenso ngati chishalo sichinamusupule pamsana.

Chimene ndikufuna muchigwiritse kwambiri ndi malo opimira akavalo. Mpikisano umagawidwa m'zigawo, ndipo pakutha pa chigawo chilichonse dokotala wa ziweto amayeza kavalo. M'mipikisano ya FEI, bungwe loyang'anira masewera a akavalo padziko lonse, kugunda kwa mtima kuyenera kutsika kufika pa 64 pa mphindi imodzi m'nthawi yoikika, apo ayi kavaloyo amachotsedwa ngakhale atakhala kuti anafika poyamba. Dokotala amatsina khungu ndi kuyang'ana nkhama pofufuza ngati madzi achepa m'thupi, amamvetsera m'mimba, kenako amakuuzani kuti muthamange naye mutamugwira pachingwe. Kavalo wamantha mtima wake sutsika msanga, ngakhale asanatope. Muzichita zonsezi kunyumba mobwerezabwereza, ndipo muziitana anthu amene sawadziwa kuti azimugwira pakamwa ndi m'miyendo mpaka azolowere.

Mumuphunzitsenso kumwa madzi paliponse, kaya pamtsinje kaya m'ndowa yachilendo, pakuti thukuta limamuchotsera madzi ndi mchere wambiri, ndipo kavalo wosankha madzi, kunena zoona, alibe tsogolo pa masewerawa.

Pa mpikisano woyamba sankhani mtunda waufupi, wa makilomita 40 kapena ocheperapo. Lolani gulu linyamuke, inu mutsatire pambuyo limodzi ndi kavalo wina wozolowera ndi wofatsa, chifukwa wachilendo akaona anzake akuthamanga amafuna kuwapitirira ndipo amatha mphamvu m'chigawo choyamba. Akakana kudya kapena kumwa pa nthawi yopuma, uzani dokotala msanga, ndipo akakulangizani kuti mulekere pomwepo, tsikani.