Chifukwa chake 1 - pnorm(9) imapereka ziro, ndi mmene mungapewere vutoli

Moni nonse, makamaka inu amene mukuphunzira statistics ku mayunivesite a Wits ndi UJ, komanso inu amene mumawerengera za ngongole ndi inshuwalansi m'maofesi a ku Sandton. Tsegulani R, pulogalamu yowerengera statistics, tichitire limodzi. Mu R, pnorm(9) imapereka mwayi woti nambala z ya pa normal distribution isapitirire 9.

Pa sikirini: 1 - pnorm(9)

Yatuluka 0. Komatu mwayi woti z ipitirire 9 pa normal distribution si ziro ayi, ndi 1.13 × 10^-19. Lembani pnorm(9, lower.tail = FALSE), muona nambala imeneyi ikubwera bwinobwino.

Ndiye kuti pnorm ilibe mlandu, cholakwika chili pa kuchotserako. Kompyuta imasunga nambala ya madesimo m'mabiti 64 motsatira muyezo wotchedwa IEEE 754, ndipo madijiti odalirika amakhala 15 kapena 16 basi. Kunsi pang'ono kwa 1, manambala amene ingathe kusunga amatalikirana ndi 1.1 × 10^-16. Tsono pnorm(9) ndi 0.999 yokhala ndi ma 9 okwana 18, motero kompyuta imangosunga 1. Zili ngati kufuna kudziwa kulemera kwa paketi ya shuga poyeza lole pa sikelo ya pamsewu, koyamba ili ndi shugayo kenako ilibe. Sikeloyo siingaone kusiyana.

Pa sikirini: 1 - pnorm(8)

Iyi ndiye yoopsa kwambiri, chifukwa ziro amakudzidzimutsani, koma apa yankho likuoneka labwino: 6.66 × 10^-16. Lenileni ndi 6.22 × 10^-16. Yaphonya ndi 7 peresenti, ndipo palibe chenjezo lililonse.

Choncho mukafuna mchira wa kumanja, kutanthauza mwayi woti z ipitirire nambala inayake, ufunseni mwachindunji. Mu SciPy ya Python gwiritsani ntchito norm.sf m'malo mwa 1 - norm.cdf (cdf imagwira ntchito yofanana ndi pnorm). Mu Excel muli CHISQ.DIST.RT, T.DIST.RT ndi F.DIST.RT kuyambira mu 2010. Ya normal ilibe RT (right tail, mchira wa kumanja), koma mbali zake ziwiri n'zofanana, ndiye lembani NORM.S.DIST(-9, TRUE). Ngati Windows yanu ili pa makonzedwe a South Africa, mungafunike semicolon pamene pali komayo.

Mukapita kutali kwambiri mukumana ndi malire ena. pnorm(-40) imaperekanso 0, chifukwa yankho lake, 3.7 × 10^-350, n'laling'ono kuposa nambala yochepetsetsa imene mabiti 64 angasunge, pafupifupi 4.9 × 10^-324. Onjezani log.p = TRUE, mupeza log ya yankholo, -804.6. Khalani ndi chizolowezi chimenechi powerengera likelihood, mwayi wa data yonse pamodzi: phatikizani ma log, musachulukitse mwayi waung'onoung'ono kambirimbiri.

Binomial imavutikira kumwamba. Nambala yaikulu kwambiri imene mabiti 64 angasunge ndi 1.8 × 10^308, ndipo factorial ya 171 (171!, kutanthauza 1 × 2 × 3 mpaka 171) yadutsa kale pamenepo. Ngakhale njira zosankhira zinthu 515 mwa 1030 zimasefukira. Leo Knüsel anaonetsa mu 1998 kuti BINOMDIST ya Excel 97 inkalephera n, chiwerengero cha mayesero, ikafika 1030. Yankho lenilenilo si lachilendo, mwayi wopambana ka 515 mwa 1030 ndi pafupifupi 0.025 pamene mwayi wa yesero lililonse ndi 0.5, koma masitepe apakati ndi amene amafera m'njira. dbinom ya R imatsatira njira ya Catherine Loader ya mu 2000 imene simawerenga ma factorial aakuluwo. Musadzilembere nokha fomula ya m'kalasi pamene dbinom ilipo.

Pali chinanso chimene ndikufuna muchisamale, inu amene mumalandira ma macro akale (timapulogalamu ta mu Excel) ku ntchito. Ambiri amawerenga normal ndi fomula 26.2.17 ya Abramowitz ndi Stegun ya mu 1964, imene kuphonya kwake sikupitirira 7.5 × 10^-8. Ngati mwayi umene mukufuna uli cha pa 0.05, zimenezi zilibe kanthu. Koma ofufuza za majini amagwiritsa ntchito malire a 5 × 10^-8, ndipo pamenepo lonjezo la fomulayi n'lalikulu kuposa nambala imene mukufunayo, ndiye silikukutsimikizirani chilichonse. Funso loyenera kumchira si lakuti yaphonya ndi zingati, koma yaphonya ndi gawo lanji la yankho lenileni.

Kuti muyese pulogalamu yanu, tengani mpmath mu Python, ikani mp.dps = 50, kapena Rmpfr mu R. Werengani mchira pa z ya 2, 5, 8, 20 ndi 37. Pa iliyonse chotserani yankho la mpmath ku yankho la pulogalamu yanu, kenako mugawe ndi la mpmath. Pulogalamu yabwino ipereka pafupifupi 10^-13 kapena kucheperapo pa mizere yonse isanu. Nambalayi ikamakula pamene z ikukula, tsegulani code yanu mufufuze pamene mwalemba "1 -" kutsogolo kwa cdf.